Chigwa Ikupempha Kulowa

Lonjezolo linaperekedwa pa depoti ya basi, m'mawa wa tsiku limene mtsikanayo ankachoka kupita kunja kukaphunzira. Achimwene ake anamusenzera sutukesi kuchokera kunyumba, ndipo atayitula pansi anamuyang'ana n'kufunsa moseka: "Tsono Mzime, iwe ukapita, ine azinditsegulira ndani?"

Funsolo linali ndi mbiri yake. Bambo awo ankakhoma chitseko dzuwa likangolowa, ndipo wochedwa ankagona pakhonde limodzi ndi galu. Achimwenewo chibadwire sanafikepo pakhomo nthawi yabwino. Ankazungulira kuseri, pazenera la chipinda cha mlongo wawo, n'kugogoda kawiri ndi chala, kenako n'kukanda galasi ndi chikhadabo pang'onopang'ono kuti adziwike kuti si wakuba. Mzime ankadzuka, kuyenda monyang'ama kudutsa pakhomo la bambo, n'kusolola chitsulo cha chitseko osapuma mpweya.

"Kulikonse kumene ndidzakhale," anatero tsiku limenelo, "mukadzagogoda ndidzatsegula. Olo muchedwe bwanji."

"Lumbira."

"Ndalumbira."

Zimene zinatsatira si zopeka. Pali anthu awiri amene anaziona ndipo onse ali moyo: bambo wokonza makompyuta amene kuofesi amamutchula kuti a Waya, ndi namwino wa kachipatala ka kuchigwa. A Waya sakonda kuzikamba, koma akazikamba sasintha ngakhale liwu limodzi.

Mzime anakhalitsa kunja mpaka imvi zinamupeza komweko. Zamaliro zonse ankazimva pafoni. Bambo anayamba. Kenako achimwene, amene ankagwira ntchito yolembera odwala m'zipatala zakutali: mvula inagwa, mtsinje unadzaza, njinga yamoto inapezeka itakola m'bango, koma iwowo ndi chikwama chawo cha laputopu sanapezeke. Amayi, omwe anali atasamukira kuchigwa kukakhala ndi mwana wawoyo, anapirira mvula ziwiri n'kutsatira. Maliro onsewo Mzime sanabwere. Zifukwa zinalipo, zabwinobwino ndithu, zina zokhala ndi zidindo.

Atabwerera anapeza mzinda umene sunamudikire. Mitengo ya mumsewu wakwawo anaidula n'kuikapo zikwangwani zotsatsa ngongole. Laibulale imene anawerengamo buku lililonse mpaka la malamulo a pamsewu inali itasanduka sitolo ya zikwama za mafoni. Nyumba yawo anagula munthu wina amene anatseka zenera lija ndi njerwa. Anthu ankamuyankha mwaulemu wa alendo, ndipo akatembenuka ankamunena kuti amalankhula ngati wailesi. Ntchito anaipeza m'bungwe lomwelo limene achimwene ake ankagwiramo, ndipo sabata isanathe dzina linali litamumatirira: a Mtchona.

Ntchito yake inali yosavuta kuifotokoza, yovuta kuigwira. Kuzipatala zakutali netiweki imabwera mwa apo ndi apo ngati mlendo wamanyazi, choncho wolembera aliyense amayenda ndi laputopu imene ili ndi kope lakelake la mbiri za odwala. Amalembamo ali kutali: wabwera uyu, walandira mankhwala awa, wamwalira uje. Madzulo, akafika poti netiweki ikugwira kapena akabwera kuofesi, laputopuyo imagogoda ku seva, kompyuta yaikulu imene imasunga nkhokwe ya zonse, n'kukhuthulamo zatsopano, nayo n'kutenga zimene ena alemba. Kuofesi amangoti kukhuthula. Malaputopu awiri akatsutsana za munthu mmodzi, lamulo la nkhokwe ndi limodzi: cholembedwa pomaliza ndicho chimapambana. A Mtchona ankakhala m'kachipinda kozizira kopanda zenera, pambali pa sevayo, kuonetsetsa kuti zokhuthulidwazo zikulowa bwino.

Vuto linayamba ndi foni ya namwino wa kuchigwa, m'mawa wina wa nyengo ya mvula.

"A Mtchona, makina anuwa apenga kodi? Pano pali bambo wamoyo, wakhala pabenchi akundiyang'ana, koma nambala yake ikundionetsa agogo ena amene tinaika m'manda ine ndili wamng'ono pantchito."

"Mwalemba nambalayo bwino?"

"Mayi, manambala ndinayamba kulemba inu muli kozizira kwanuko. Ndipo si mmodzi. Benchi yonse ndi akufa okhaokha. Kabati ya mankhwala ikukana kutsegula, akuti dzina silikugwirizana ndi khadi. Ndiwauze chiyani anthuwa, kuti adikire mpaka afe kuti zigwirizane?"

Kale namwino ankayang'ana munthu kumaso n'kumupatsa mankhwala. Tsopano, chifukwa cha mbava zingapo ndi malipoti ambiri, botolo silituluka pokhapokha kompyuta itavomera. Amati chitukuko.

A Mtchona anatsegula nkhokwe ndipo anapeza kuti namwino sananame. Anthu amene anachotsedwa kalekale anali atabwerera, aliyense atakhala pa nambala ya munthu wamoyo. Anaitana a Waya, omwe anabwera akupukuta manja pa ovolosi, nkhope itaneneratu kuti akudziwapo kanthu.

"Tandiuzeni," anatero a Mtchona. "Munthu akamwalira, tikamuchotsa, pamalo pake pamatsala kachizindikiro kouza malaputopu onse kuti uyu musamubwezenso. Si choncho?"

"Ziliza. Ife timati ziliza."

"Zili kuti?"

A Waya anakanda kumutu. "Seva inadzaza, mayi. Ndinapempha ina. Abwana anati mawa. Mawa lake linatha chaka. Ndiye ndinasesa ziliza zakalekale kuti malo apezeke. Ndinati anthu anafa kale awa, angabwererenso?"

"Nanga manambala awo akupezeka bwanji pa amoyo?"

"Makadi atsopano sanasindikizidwe. Ndiye manambala a omwalira tinkapatsa odwala atsopano. Nanga tikanatani, tiwabweze kwawo?"

A Mtchona anatseka maso. Kumene anachokera, zoterezi munthu akanaziphunzitsa m'kalasi monga chitsanzo cha zimene sayenera kuchita. Kuno zinali nzeru za munthu amene anasiyidwa yekha ndi seva yodzaza. Anafuna kukalipa koma sanapeze poyambira.

"Chabwino. Ndiye kuti pali laputopu yakale imene yakhuthula dzulo, yokhala ndi kope la nthawi imene anthuwa anali moyo. Nkhokwe sinapeze ziliza, yawalandira ngati atsopano. Tiyeni tione kuti ndi iti."

Laputopu iliyonse inali ndi dzina la dera lake. Anatsitsa mndandanda wa zimene zinagogoda dzulo madzulo, ndipo pansi penipeni panali dzina limene sanalionepo chiyambire ntchito: Chigwa. Ya namwino inkatchedwa Chigwa Chatsopano. Iyi inali Chigwa basi.

A Waya anasiya kupukuta manja.

"Imeneyo inapita ndi madzi," anatero chapansipansi.

"Inali ya ndani?"

Iwo anayang'ana nsapato zawo. A Mtchona sanafunsenso.

Anali munthu wowerenga, ndipo mabuku anamuphunzitsa kuti chodabwitsa chilichonse chili ndi mwini wake amene amadya ndi kugona. Anaganiza kuti wina anaitola laputopuyo m'matope, anaiumitsa, anaigulitsa pamsika, wokonza mafoni anaidzutsa. Chilolezo chake cholowera m'nkhokwe panalibe amene anachifafaniza, monga mmene panalibe amene anachotsa kalendala ya zaka zapitazo pakhoma la abwana. Anabwezeretsa nkhokwe monga inalili dzana, anaimbira namwino kuti kabati itseguka, n'kudziuza kuti chilolezocho achifafaniza akamaweruka. Inali ntchito yodina kamodzi.

Koma asanadine anafuna kungoona. Mbiri ya wodwala aliyense ili ndi kabokosi pansi kolembamo ndemanga. Olembera ambiri amakasiya kopanda kanthu. Achimwene ake ankakadzaza, ndipo a Mtchona anazindikira kalembedwe kawo nthawi yomweyo: osaika mpumiro, zilembo zazikulu pamene sizikufunika, nthabwala pamene pakufunika ulemu. *Agogo akuti mapiritsi ndi ang'ono kwambiri sangachize munthu wamkulu ngati iwo.* Anaseka yekha, misozi ili m'maso. Kenako anayang'ana tsiku limene ndemangayo inalembedwa.

Linali dzulo.

Anatsegula ina. Dzulo. Ina. Dzulo masana. *Ndawaona lero akupeza bwino mwendo unasiya kupweteka.* Anapeza mwana amene anabadwa achimwene atapita kale ndi madzi, mwana amene anamwalira chaka chatha. Laputopu yakale sikanamudziwa. Koma analimo, ndi ndemanga yake: *Wafika yekha akulira ndamupereka kwa azakhali ake.*

Sanadine. Anatseka chitseko cha kachipindako n'kupita kwawo wapansi, mvula ikumunyowetsa, osatsegula ambulera imene inali m'manja.

Mawa lake anakhala dala mpaka nthawi yoweruka, a Waya ali pambali pake. Kunja magalimoto a bungwe ankalowa pageti limodzilimodzi, malaputopu akukhuthula mwa nthawi zonse. Magetsi anathima monga amachitira dzuwa likamalowa, jenereta inatsokomola n'kugwira. Ndiye m'kachipindamo munalowa fungo. Silinali la fumbi lotentha la makina. Linali la matope a mumtsinje, la bango lowola, la zovala zimene zakhalitsa m'madzi.

Pa sikirini panatuluka mzere: *Chigwa ikupempha kulowa.* Pansi pake: *Yaloledwa.*

"Taonani kumene ikuchokera," ananong'ona a Mtchona.

A Waya anagogoda makiyi a kompyuta, n'kuyang'anitsitsa, n'kugogodanso. "Sikuchokera kunja."

"Mukutanthauza chiyani?"

"Ili m'nyumba muno. Yalumikizidwa ndi waya." Anawerenga nambala ya kabowo. Kenako anagwada n'kukankha kabati yachitsulo imene inali pakona. Kuseri kwake, pakhoma, panali kabowo kakale kolowetsamo waya. Munalibe waya. Kanyali kake kobiriwira kankaphethira. Pansi pake madzi ofiirira ankatsika pakhoma pang'onopang'ono, n'kupanga kadziwe pasimenti.

A Waya anadzuka, anapukuta maondo. "Mayi, ine ndili ndi ana. Fafanizani chilolezocho tizipita."

"Mawa," anatero a Mtchona, ndipo atamva liwu limenelo likutuluka pakamwa pake anachita manyazi.

Chimene a Waya sanadziwe n'chakuti masana a tsiku limenelo a Mtchona anali atapeza amayi ake. Analimo, pa nambala yawo yakale. *Amayi akutsokomola pang'ono koma akudya. Akufunsa ngati Mzime wafika ndawauza kuti basi yachedwa.*

Masiku otsatira anakhala a ntchito yopusa, ndipo iye mwini ankadziwa kuti ndi yopusa. M'mawa uliwonse ankafika kusanache bwino n'kubwezeretsa amoyo pa manambala awo. Dzuwa likalowa Chigwa inkakhuthula, ndipo popeza zake zinali zolembedwa pomaliza, akufa ankapambana. Anayesa kuipatula kuti izikhuthulira pambali. Koma pulogalamu yoyendetsa nkhokweyo inagulidwa kwa kampani imene inatseka kalekale, ndipo sinkadziwa pambali. Inkadziwa kulola kapena kukana. Anayesa kusintha manambala a amoyo. Makadi awo anali kale m'matumba mwawo, m'midzi yopanda msewu. Analembera abwana kupempha seva yachiwiri.

Abwana anamuitanira mu ofesi yawo ya makatani olemera. "A Mtchona, ife tinakulembani ntchito chifukwa munaphunzira kunja. Tsopano ndikumva kuti kuchigwa mankhwala akulandira ndi mizimu. Kodi kunjako anakuphunzitsani zimenezi?"

"Vutoli linayamba ndi seva imene simunagule, bwana."

"Seva tikambirana mawa. Ine ndikufuna lipoti loyera. Alendo akubwera mwezi uno, sindikufuna aziwerenga maliro."

Anatuluka ali ndi ukali, ndipo ukaliwo unamukomera, chifukwa unamuiwalitsa kwa kanthawi kuti chala chimene chikanathetsa zonsezi chinali chake.

Madzulo alionse ankawerenga. Amayi anapeza singano yawo imene inatayika. Amayi akudandaula kuti kuno kulibe dzuwa loyanikira zovala. Amayi akuti Mzime ankaopa mdima, kaya kumeneko amamuyatsira nyali. Zaka zonse zija kunja ankalandira mauthenga afupiafupi opempha thandizo, n'kumawayankha mochedwa. Tsopano ankadikira mzere umodzi ngati wodwala wodikira jakisoni.

Namwino anaimbanso Lachisanu, ndipo ulendo uno sananyoze.

"A Mtchona, ndili ndi aphunzitsi ena pano, mayi wa matenda a shuga. Jakisoni wawo amabwera ndi galimoto ya mwezi, m'bokosi lozizira, pa dzina lawo. Galimoto yafika, wawo mulibe. Akuti mndandanda unatuluka usiku, pamene nambala yawo inali ya munthu wina." Anawerenga nambalayo.

A Mtchona anaidziwa asanamalize. Inali ya amayi.

"Atsala ndi wa masiku ochepa. Galimoto ina inyamuka Lolemba, mndandanda wake utuluka Lamlungu usiku. Akapanda kupezekamo, ine ndilibe chowapatsa. Mayiwa ali ndi ana awiri, wamng'ono akuyamwa." Namwino anatsitsa mawu. "Dzina limene likutuluka pa nambalayi ndikulidziwa. Ndine ndinawatseka maso. Ankakutchulani mpaka mawu anatha. Koma anapita, mayi. Awa ali pabenchiwa sanapite."

Foni itaduka, a Mtchona anakhala nthawi yaitali akuyang'ana kabokosi ka ndemanga. Kukhuthula kumayenda mbali ziwiri: laputopu imasiya zake, imatenganso za m'nkhokwe. Chimene angalembe pano chikafika. Anali akuzidziwa chiyambire, ndipo ankaopa. Analemba, anafufuta, analembanso.

*Achimwene, ndine Mzime. Ndinabwera. Nambala ya amayi ili ndi munthu wamoyo amene akufuna mankhwala. Chonde isiyeni. Apatseni moni amayi.*

Dzuwa linalowa. Fungo linabwera. Chigwa inalowa, inatenga, inatuluka.

Loweruka ofesi inali yotseka, koma iye anabwera, ndipo a Waya anabwera naye ngakhale sanawapemphe. Anati akubwera kudzaona jenereta. Anakhala pa mpando wapakhomo, chipewa chili pamaondo.

Yankho linafika nthawi yake. Silinali pa mbiri ya amayi yokha. Linali pa mbiri iliyonse imene Chigwa inabweretsa, mazanamazana, mawu omwewo.

*Mzime wachedwa bwanji. Amayi asangalala akuti usachoke tikubwera. Tsegula kwambiri tilipo ambiri.*

Ndipo analidi ambiri. Usiku umenewo sanabwere a kuchigwa okha. Anabwera a kumapiri, a kumalire, a m'tauni momwe. Mzere wa manambala unkatsika pa sikirini osaima, amoyo akuzimiririka mmodzimmodzi. Madzi pakona anafika pa mwendo wa tebulo.

"Mayi," anatero a Waya. "Achimwene anu ndinkawadziwa. Tinkadya limodzi. Anali munthu wabwino, wochedwa basi. Koma ichi..." Sanamalize.

"Ndinawalonjeza."

"Munalonjeza munthu mmodzi."

"Mukufuna ndiwatsekere panja kachiwiri? Pamene ankawafufuza m'bango ine ndinali pamsonkhano. Pamene amayi ankandiitana ndinali kudikira chidindo."

A Waya anatembenuza chipewa chawo. "Ine sindinaphunzire kwambiri. Chilolezo ndingathe kufafaniza ndekha, mawu achinsinsi ndimawadziwa. Koma sindichita. Ndi abale anu."

Lamlungu kunacha kwa mitambo. A Mtchona anafika masana, anabwezeretsa nkhokwe yonse, anatsegula nambala ija n'kuona dzina la aphunzitsi litabwerera, ndi msinkhu wawo, ndi jakisoni wawo. Anakopera ndemanga zonse za amayi mu fayilo ina kuti azisunge. Atatsegula fayiloyo anapeza ilibe kanthu. Anayesa kujambula sikirini ndi foni. Chithunzi chinatuluka chakuda. Anatukwana m'chinenero cha kunja kuja, kenako m'chake, ndipo chake chinamveka bwino.

Anatsegula tsamba la zilolezo. Dzina linali pomwepo. Chigwa. Pambali pake kabatani.

Kunja mvula inayamba. A Waya anaima pakhomo.

Anadina.

Kompyuta inafunsa ngati akutsimikiza. Makina amenewa, amene sanafunsepo kanthu pamene ankafufuta amoyo, tsopano anafuna kudziwa ngati akutsimikiza. Anadinanso.

Anadikira. Magetsi anathima. Jenereta inagwira.

Fungo linabwera, lamphamvu kuposa kale.

*Chigwa ikupempha kulowa.*

*Yakanidwa.*

Mzerewo unabweranso. Yakanidwa. Unabweranso. Yakanidwa. Unkabwera mofulumira, kenako mwapang'onopang'ono, ngati munthu amene wayamba kukayika ngati wafika pakhomo loyenera. Kanyali kobiriwira kuseri kwa kabati kanaphethira, kanaphethira, kanazima.

Chete. Mafani oziziritsa seva okha.

A Waya anapuma mpweya waukulu. Analowa, anatseka chitseko kumbuyo kwawo kuti ayang'ane pakona. Madzi anali atasiya kutsika. Pa sikirini mndandanda wa mankhwala a Lolemba unayamba kutuluka wokha, ndipo dzina la aphunzitsi linadutsa pakati pa ena.

"Zatha," anatero a Waya.

Chitseko cha kachipindako chili ndi kagalasi kakang'ono pamwamba, kopakidwa utoto woyera. Kuseri kwake kuli khonde lalitali lopita kugeti. Geti linali lokhoma. Makiyi anali m'thumba la a Waya.

Kunamveka madzi akudontha pakhondepo. Kenako mapazi, onyowa, osavala nsapato. Sanali a munthu mmodzi. Anafika pachitseko n'kuima. Wina anatsokomola pang'ono, chifuwa cha munthu wachikulire.

A Mtchona anaimirira.

Go. Go.

Kawiri, ndi chala, pagalasi.

A Waya amanena kuti anaona dzanja la a Mtchona likunyamuka lokha kupita ku chogwirira. Amanena kuti milomo yake inkayenda koma mawu sankatuluka. Amanena kuti iwo sanamugwire, anangotseka maso.

Ndiye chikhadabo chinayamba kukanda galasi, pang'onopang'ono, kuchokera pamwamba kutsika pansi.

"Mzime."

Mzime sanatsegule.